Mapiritsi a DHEA Ndinawamwa Miyezi Isanu: Homoni Inakwera M'magazi, Koma Kutopa Sikunathe

Botolo limene ndikufuna kulongosola pano ndi la pulasitiki woyera, lalitali ngati chala changa cha mkombaphala, ndipo munali mapiritsi 100 a DHEA, homoni imene thupi limapanganso lokha, lililonse la mamiligalamu 25. Ndinaligula chaka chatha m'sitolo ina yaikulu yogulitsa mankhwala kuno ku Indiana, m'dziko la America, pa shelefu imodzimodziyo imene pamakhala mavitamini ndi mafuta a nsomba, ndipo ndinapereka ndalama zosakwana madola 15 popanda wondifunsa kalata ya dokotala, zaka zanga kapena matenda amene alipo ku mtundu kwathu. Dzina la kampani ndalisiya dala, chifukwa makampani ogulitsa DHEA ndi ambiri, mapiritsi awo amafanana, ndipo zimene ndinaona zikukhudza mankhwalawo, osati mwini botolo.

Maganizo anga ndiwanene pachiyambi pomwe. Mapiritsi amenewa amachitadi chinthu chimodzi, chomwe ndi kukweza DHEA m'magazi, ndipo umboni wake ndinauona ndi maso anga pa pepala la zotsatira za kulabu. Koma chimene munthu amaperekera ndalama zake, kutanthauza nyonga, tulo tokhutiritsa ndi thupi lopepuka, ine sindinachipeze, ndipo nditafufuza ndinazindikira kuti anthu ambiri amene akatswiri anawayeza mosamala sanachipezenso.

Ndine mayi wa zaka 56, ndimagwira ntchito ya usiku yosamalira anthu okalamba, ndipo kusamba ndinasiya zaka zisanu zapitazo. Kwa chaka chathunthu ndisanagule botololi, thupi langa linkalemera ngati ndasenza thumba la chimanga. Ndinkafika kunyumba m'mawa n'kugona, koma podzuka masana zinkakhala ngati sindinagone n'komwe, ndipo ndinkazizidwa ngakhale pamene anzanga akudandaula kutentha. Mnzanga wina wa kuntchito, mayi wamkulu kuposa ine koma wochangamuka, ndiye anandionetsa botolo lake tikumwa tiyi pakati pa usiku, nandiuza kuti homoni imeneyi ndi mayi wa mahomoni onse, kuti imatha m'thupi munthu akamakula, ndiponso kuti ukaibwezera zonse zimabwerera m'chimake. Mawuwo anandilowa chifukwa anali omveka, komanso chifukwa mbali ina ya mawuwo ndi yoona.

Mbali yoonayo ndi iyi. Pamwamba pa impso iliyonse pali kachiwalo kakang'ono kolemera magalamu 4 kapena 5 okha, kamene madokotala amakatchula kuti adrenal. Tiziwalo tiwiriti timatulutsa mahomoni angapo, monga adrenaline amene amagunditsa mtima munthu akadzidzimuka, cortisol amene amathandiza thupi kupirira matenda ndi njala, aldosterone amene amasunga mchere ndi madzi, ndiponso DHEA, yemwe dzina lake lonse ndi dehydroepiandrosterone ndipo anapezeka koyamba mu mkodzo wa munthu m'chaka cha 1934 ndi katswiri wa ku Germany, Adolf Butenandt. Thupi limapanga DHEA kuchokera ku cholesterol, ndipo wambiri amayenda m'magazi atalumikizana ndi sulfate, n'chifukwa chake pa pepala la kulabu pamalembedwa DHEA-S. Pa mahomoni onse a gulu la ma steroid, palibe wina amene amachuluka m'magazi a munthu kuposa ameneyu, komabe payekha mphamvu zake n'zochepa. Ntchito yake yodziwika bwino ndi yokhala ngati ufa umene khomo lililonse limatapa n'kuphikira chimene likufuna, lina nsima, lina phala, pakuti khungu, mafuta a m'thupi, mafupa ndi ziwalo zina zimatenga DHEA n'kumusandutsa testosterone kapena estrogen, omwe ndi mahomoni achimuna ndi achikazi, malinga ndi zosowa zawo. Katswiri wa ku Canada, Fernand Labrie wa ku yunivesite ya Laval ku Quebec, anatha zaka zambiri akufufuza njira imeneyi, ndipo ndi njira yofunika makamaka kwa ife amayi amene tinasiya kusamba, chifukwa ziwalo zopanga mazira zikaleka kutulutsa estrogen, gawo lalikulu la mahomoni amene amatitsalira limachokera ku DHEA.

Kuchepa kwake nakonso n'koona. Mwana ali m'mimba amapanga DHEA wochuluka, akabadwa amatsika kwambiri, kenaka amayamba kukweranso pa zaka 6 mpaka 8, amafika pachimake munthu ali ndi zaka za pakati pa 20 ndi 30, ndiyeno amayamba kutsika pang'onopang'ono chaka ndi chaka, moti pofika zaka 70 kapena 80 pamakhala patatsala gawo limodzi kapena awiri okha pa magawo khumi a DHEA wa pa unyamata. Cortisol, yemwe amachokera ku kachiwalo komweko, satsika chotero. Pamenepa m'pamene ogulitsa amamangirapo malonda awo, ndipo kaganizidwe kake n'kosavuta kutsatira: homoni yatsika, thupi lafooka, choncho kutsikako ndiko kwafooketsa thupi. Koma zinthu ziwiri zikhoza kuyendera limodzi popanda chimodzi kubala chinzake. Imvi nazo zimachuluka pa msinkhu womwewo, koma palibe amene amati imvi ndizo zimafooketsa mawondo. Komanso nkhani zambiri zimene zinatchukitsa DHEA poyamba zinachokera ku kafukufuku wa mbewa ndi makoswe, nyama zimene tiziwalo tawo ta adrenal timapanga DHEA wochepa kwambiri mwachibadwa, moti kuzipatsa mlingo waukulu sikufanana n'komwe ndi kubwezera homoni mwa munthu wokalamba.

Zonsezi ndinaziphunzira mochedwa. Pa nthawi yogula ndinangowerenga kutsogolo kwa botolo, kumene kunalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti mapiritsiwa amachirikiza nyonga ndi kulinganiza mahomoni. Kumbuyo kunali tizilembo tating'ono tonena kuti bungwe la FDA, loona za zakudya ndi mankhwala kuno ku America, silinaunike mawu amenewo, kuti mapiritsiwa sanapangidwire kuchiza kapena kupewa matenda alionse, ndiponso kuti munthu amene ku mtundu kwawo kuli khansa ya m'mawere kapena ya prostate, kachiwalo ka amuna kokhala pansi pa chikhodzodzo, ayambe waonana ndi dokotala. Chenjezo lomalizali linkandikhudza ine mwachindunji, popeza azakhali anga anamwalira ndi khansa ya m'mawere, koma sindinaliwerenge kufikira miyezi inayi itadutsa. Mlandu wosawerengawo ndi wanga, koma ndikuonanso kuti chenjezo lolemera chotere siliyenera kubisala m'tizilembo timene mayi wa zaka zanga sangatione popanda magalasi.

Kamwedwe kake n'kosavuta. Piritsi ndi laling'ono, silinunkha, silivuta kumeza, ndipo ine silinandipweteketse m'mimba. Ndinkamwa limodzi ndikaweruka m'mawa. Masabata awiri oyambirira ndinkadziona ngati ndapepukidwa, ndipo ndinauza mnzanga uja kuti zayamba kugwira ntchito, koma pofika mwezi wachiwiri kutopa kunali pomwe kunali kale. Botolo loyamba litatha ndinagula lachiwiri n'kuyamba kumwa mapiritsi awiri pa tsiku, kutanthauza mamiligalamu 50, poganiza kuti mlingo ndiwo unali wochepa. Apa m'pamene thupi linayankha, koma osati mmene ndinkafunira. Nkhope inayamba kutuluka mafuta moti pofika pakati pa usiku chipumi chinkanyezimira, ndipo ndinkachita kupukuta ndi kansalu ndisanalowe m'chipinda cha wodwala. Pachibwano ndi m'mbali mwa nsagwada panatuluka ziphuphu zolimba, zopweteka, zimene zikapola zinkasiya timadontho takuda, zinthu zomwe ndinatsanzikana nazo ndili mtsikana. Fungo la m'khwapa linasintha. Tsiku lina ndikudziyang'ana pa galasi la m'galimoto, dzuwa la m'mawa likuwomba cha m'mbali, ndinaona titsitsi tinayi tolimba, takuda, titamera pansi pa chibwano pamene kale panali posalala. Tsiku lomwelo ndinaimba foni ku chipatala kupempha tsiku loonana ndi adokotala.

Adokotala anga, mayi wodekha amene wakhala akundiona kwa zaka zingapo, anatenga botololo n'kuliwerenga kumbuyo ndi kutsogolo, kenaka anandifunsa ngati ndinayezetsa magazi ndisanayambe kumwa. Nditayankha kuti ayi, analamula kuti andiyeze DHEA-S, mafuta a m'magazi, shuga, kuchuluka kwa magazi ndi chithokomiro. Zotsatira zitabwera, DHEA-S wanga anali pa mlingo wa mtsikana wa zaka za m'ma 20, kutanthauza kuti botolo langa linali ndi mankhwala enieni ndipo analowadi m'thupi. Cholesterol wabwino uja wotchedwa HDL anali atatsika poyerekeza ndi chaka chapitacho, chomwe ndi chinthu chodziwika kuti DHEA amachita mwa amayi. Ndipo chimene chinkanditopetsa chinapezeka kwina: chithokomiro changa chinkagwira ntchito mofooka, vuto lofala mwa amayi a msinkhu wanga, lomwe limadziwika ndi kuyeza magazi kamodzi kokha ndipo mankhwala ake, levothyroxine, ndi otchipa. Kuzizidwa kuja ndi kulemera kwa thupi kuja zinali zizindikiro zake. Pa zonse zimene botololi linanditayitsa, chondiwawa kwambiri si ndalama kapena ziphuphu, koma miyezi isanu imene ndinakhala ndikudikira kuti mapiritsi agwire ntchito pamene matenda enieni anali kupitirira.

Nditachoka kuchipatala ndinafuna kudziwa ngati ine ndekha ndinali watsoka, ndipo kafukufuku amene ndinapeza anandiyankha momveka. Mu 1994, gulu la Samuel Yen ku yunivesite ya California ku San Diego linapereka mamiligalamu 50 kwa anthu 30 a zaka za pakati pa 40 ndi 70, ndipo ambiri mwa iwo ananena kuti akupeza bwino m'thupi ndi m'maganizo. Kafukufuku wamng'onoyu ndiye anathandiza kuyatsa moto wa malonda a DHEA. Mu 2000 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wamkulu wa ku France wotchedwa DHEAge, wotsogoleredwa ndi Étienne-Émile Baulieu, momwe anthu 280 a zaka 60 mpaka 79 anamwa mamiligalamu 50 kapena mapiritsi opanda mankhwala kwa chaka chathunthu. Kusintha kumene kunaoneka kunali kochepa, ndipo kunali makamaka mwa amayi opitirira zaka 70, pa khungu, pa mafupa ndi pa chilakolako cha m'banja. Kafukufuku amene anandikhutiritsa kwambiri ndi wa ku chipatala cha Mayo Clinic kuno ku America, wotsogoleredwa ndi K. Sreekumaran Nair, ndipo anasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine m'chaka cha 2006. Anatsatira amuna 87 ndi akazi 57 achikulire kwa zaka ziwiri, amuna olandira DHEA akumwa mamiligalamu 75 ndipo akazi 50. Homoni inakwera m'magazi mwawo monga mmene inakwerera mwa ine, koma mphamvu za minofu, kupirira pa ntchito yolemetsa, mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga ndi mmene anthuwo ankaonera umoyo wawo sizinasinthe mwa njira yopindulitsa, kupatula kulimba pang'ono kwa mafupa m'malo ena, komwe kunali kochepa poyerekeza ndi zimene mankhwala enieni a mafupa amachita. Akatswiri a bungwe la Cochrane atasonkhanitsa kafukufuku wokhudza ubongo sanapeze umboni woti DHEA amathandiza okalamba kukumbukira zinthu, ndipo mu 2014 bungwe la akatswiri a mahomoni la Endocrine Society linalangiza madokotala kuti asamapereke DHEA kwa amayi mwachisawawa.

Sindikunena kuti DHEA ndi wachabe kwa aliyense, chifukwa kutero kungakhale kunama. Pali anthu amene tiziwalo tawo ta adrenal tinawonongeka, matenda amene Thomas Addison anawalongosola mu 1855 ali ku Guy's Hospital ku London. Odwala ake ambiri anali ndi chifuwa chachikulu chimene chinadya tiziwalo timeneti, ndipo m'mayiko amene TB ikadali yofala, monga kwathu ku Malawi, imakhalabe chimodzi mwa zoyambitsa zikuluzikulu za matendawa. Munthu wotere amaonda, amafooka, khungu limada kuposa kale, magazi amathamanga motsika ndipo amalakalaka mchere. Chimene chimapulumutsa moyo wake ndi mankhwala a hydrocortisone ndi fludrocortisone, osati DHEA, koma popeza DHEA wake amakhala atatheratu, kumubwezera kumakhala ndi tanthauzo. Mu 1999, Wiebke Arlt ndi anzake ku Würzburg ku Germany anapereka mamiligalamu 50 kwa amayi 24 a vuto limeneli kwa miyezi inayi, ndipo anaona kuti nkhawa ndi kukhumudwa zinachepa, chilakolako cha m'banja n'kubwerera. Kafukufuku wotsatira anapeza phindu locheperapo, komabe malangizo a Endocrine Society a 2016 amalola kuti mayi wa matendawa amene akufookabe ngakhale akumwa mankhwala ake enawo ayesere DHEA kwa miyezi isanu ndi umodzi, n'kusiya ngati palibe kusintha. Kusiyana kwa mayi ameneyu ndi ine n'kwakuti iye chiwalo chake chinafa, pamene changa chikungogwira ntchito molingana ndi zaka zanga.

Palinso mtundu wina wa DHEA umene amayi anzanga ayenera kuudziwa, chifukwa umakhudza vuto limene ambiri timachita nalo manyazi. Mu 2016 bungwe la FDA linavomereza mankhwala otchedwa Intrarosa, omwe ndi DHEA wa mamiligalamu 6.5 woika kunjira ya amayi, wothandiza amene akumva kuwawa pokhala malo amodzi ndi amuna awo chifukwa cha kuuma kumene kumabwera munthu akasiya kusamba. Amenewa anayesedwa, amaperekedwa ndi kalata ya dokotala, ndipo amagwira ntchito pamalo pomwe pali vutolo m'malo mozungulira thupi lonse. Botolo la pa shelefu silinadutse m'mayeso oterowo.

Chifukwa chimene silinadutsemo ndi lamulo. Mu 1985 bungwe la FDA linaletsa kugulitsa DHEA popanda kalata ya dokotala, koma lamulo la 1994 lokhudza zakudya zowonjezera linamubweza pa shelefu m'gulu limodzi ndi mavitamini, gulu limene wopanga safunika kuonetsa umboni woti katundu wake amagwira ntchito asanayambe kugulitsa. Mu 2004, pamene nyumba ya malamulo ya America inaletsa mankhwala ambiri okulitsa minofu, DHEA anamusiya kunja kwa mndandandawo. Zotsatira za ufulu umenewu zinaoneka mu 1998, pamene akatswiri anayeza mitundu 16 ya mapiritsi a DHEA n'kupeza kuti 7 yokha ndiyo inali ndi mlingo wogwirizana ndi zolembedwa pa botolo. Ina inalibe DHEA kapena inali ndi kochepa kwambiri, ndipo wina unapitirira ndi theka lathunthu. Botolo langa linalibe chidindo cha bungwe loima palokha loyeza mankhwala, monga cha USP, choncho ngakhale ndikudziwa kuti munali DHEA, palibe chonditsimikizira kuti piritsi lililonse linalidi la mamiligalamu 25. Pa shelefu yomweyo ndinaonanso mabotolo a chilazi cha kutchire amene amatsatsidwa ngati DHEA wachilengedwe. N'zoona kuti DHEA wa m'mapiritsi amapangidwa kuchokera ku diosgenin, chinthu chopezeka m'zilazi zina, kapena kuchokera ku soya, koma kusanduliza kumeneko kumachitika mu fakitale. Thupi la munthu silingathe kuchita zimenezo, kaya munthuyo adye chilazi chochuluka bwanji.

Msuweni wanga amene amakhala ku Manchester atamva kuti ndikumwa mapiritsiwa, anandipempha kuti ndimutumizireko mabotolo awiri, ndipo ndikuthokoza kuti sindinafulumire. Ku Britain DHEA ali m'gulu C la mankhwala otetezedwa ndi lamulo ndipo sagulitsidwa popanda kalata ya dokotala, ndipo ku Canada ndi ku Australia nakonso munthu sangangomutola pa shelefu. Kwa achinyamata ochita masewera nkhani ndi yaikulu kuposa apa, chifukwa bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala owonjezera mphamvu pa masewera, linaika DHEA pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa, ndipo LaShawn Merritt, amene anapambana mpikisano wothamanga mamita 400 pa masewera a Olympics a ku Beijing mu 2008, anaimitsidwa miyezi 21 atapezeka naye m'thupi. Ife amene tili kunja timakonda kudzaza masutikesi ndi mabotolo a mavitamini popita kumudzi, ndi mtima wabwino wofuna kuthandiza makolo, koma botolo ili si la m'gulu limenelo. Homoni imene thupi limaisandutsa estrogen ndi testosterone si yopatsa bambo wachikulire amene prostate yake sinayezedwepo, kapena mayi amene ali ndi chotupa m'bere chimene sanachiulule, kapena mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, ndipo kwa munthu amene akumwa mankhwala a khansa ya m'mawere monga tamoxifen, DHEA akhoza kulimbana ndi ntchito ya mankhwalawo.

Mnzanga wa kuntchito uja akumwabe mapiritsi ake ndipo akunena kuti amamuthandiza. Sindinakangane naye, chifukwa mmene munthu akumvera m'thupi mwake ndi iye mwini amene amadziwa, koma ndinamuonetsa chibwano changa ndi pepala langa la kulabu, n'kumupempha kuti akauze adokotala ake zimene akumwa, kuti amuyeze mafuta a m'magazi ndi mawere. Ine ndinasiya tsiku lomwe ndinaonana ndi adokotala. Mafuta a kunkhope anachepa patatha masabata atatu, ziphuphu zinaleka kutuluka, ndipo atandiyezanso patatha miyezi itatu, DHEA-S anali atabwerera pa mlingo wa mayi wa zaka zanga ndipo HDL anali atayamba kukwera. Mankhwala a chithokomiro anachotsa kuzizidwa kuja ndi mbali yaikulu ya kutopa, ngakhale kuti ntchito ya usiku ikadali yolemetsa monga kale. Titsitsi ta pachibwano sitinachoke, ndipo ndimachita kuzula sabata iliyonse. M'botolo lachiwiri munatsala mapiritsi 14, ndipo ndinakawaponya m'bokosi lolandirira mankhwala otsala limene lili pafupi ndi khomo la sitolo yomwe ndinawagula.